Chigayo cha a Esinala Chitaleka Kumveka

Kalata inabwera Lachiwiri m'mawa, ndipo anaibweretsa ndi a Fanizo eni ake, atavala jekete mwezi wa Okutobala. Ku Ndamera munthu akakuvalira jekete nyengo imeneyi, dzuwa likuswa mtengo, dziwa kuti wabwera kudzakupweteka mwaulemu. A Fanizo anali wapampando wa komiti ya chitukuko, udindo umene unawagwera chifukwa tsiku lachisankho anthu anzeru anali ku dimba, ndipo chiyambire tsiku limenelo ankayenda ngati msewu wa ku Marka anaulambula ndi iwo.

Kalatayo inkanena kuti chigayo cha a Esinala chikusokosa. Kuseri kwa chigayocho anali atamangako kachipatala katsopano ndi nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, ndipo anamwino ankadandaula kuti chigayo chikayamba kulira sangamve n'komwe mtima wa mwana ukugunda m'mimba. Komiti inapereka masiku makumi atatu. Phokoso lithe, apo ayi chigayo chitsekedwe.

"Chigayochi chinalipo kachipatalako kasanalotedwe," anatero a Esinala akusasa ufa m'manja.

"Palibe akutsutsa zimenezo, mayi," anayankha a Fanizo. "Koma komiti yakhala pansi, yaona kuti thanzi ndi lofunika."

"Nanga ufa?"

A Fanizo anayang'ana wotchi yawo, imene inaima kalekale, nati ali ndi msonkhano wina.

Chigayocho anasiya ndi malemu amuna awo, a Eric, ndipo chinali chinthu chokhacho chimene achibale a kuchimuna analephera kunyamula maliro atatha, chifukwa mota yake anaimangirira pa simenti. Kwa zaka zisanu ndi zinayi a Esinala anachiyendetsa okha. Ankadziwa kumanga lamba, kusintha sefa, ndi kutembenuza nyundo zikadyeka mbali imodzi. Mawu awo anakula chifukwa chopikisana ndi makina, mwakuti akanong'ona m'tchalitchi anthu a pa benchi lachitatu ankacheuka. Kalatayo inawachititsa mantha enieni, chifukwa popanda chigayo iwo anali mayi wamasiye wamba wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wopanda munda wa dzina lake. Anapachika ziguduli m'makoma, anatseka zenera ndi njerwa. Phokoso silinasinthe, chimene chinawonjezeka ndi kutentha.

Ndiye nkhani inam'peza Humphrey. Uyu anali mwana wa mng'ono wake wa a Eric, ndipo ankaphunzitsa sayansi ku yunivesiti, m'tauni. Kumudzi anali asanapondeko chichitikire maliro aja, koma atangomva za phokoso anafika pasanathe sabata, pa galimoto yodzaza mapaipi, madzi akumwa atanyamula ake a m'botolo.

"Amayi, vuto lanuli ndi laling'ono kwambiri," anatero atakhala pa thumba la gaga, atayamba wayalapo mpango. "Anthu amalimbana ndi phokoso politsekera. Ife sitilitsekera, timalipatsa njira. Mwaona mmene madzi amayendera m'ngalande za m'minda ya nzimbe? Mawu nawonso tingawalowetse m'ngalande. Koma ngalande yathuyi ndi ya mtundu wina. Mawu akalowamo amapita kutsogolo kokha. Pakona amakhota osabwerera. Akapeza chotchinga amachizungulira n'kupitirira ulendo. Maphunziro ake timawatcha topoloji ya mawu."

"Chigayo sichitsekedwa?"

"Chigayo ndi poyambira chabe, amayi. Zaka khumi zikubwerazi, makina ounikira mwana m'mimba adzakhala aang'ono ngati bokosi la machesi. Ndege zidzatera kuseri kwa nyumba, khanda osadzuka. Foni idzamva mwini wake yekha pakati pa msika. M'basi aliyense adzamvera wailesi yake popanda choika m'makutu, woyandikana naye osamva kanthu."

Analankhula za tsogolo kwa ola lathunthu, ndipo ankalidziwa bwino tsogololo, makona ake onse, kuposa mmene ankadziwira njira ya ku manda a agogo ake. A Esinala anamvetsera chifukwa munthu wopanikizika amamvetsera chilichonse. Chakumapeto anazindikira chimene chinamuthamangitsa mwanayu. Zinthu zimenezi anali ataziyesa m'chipinda cha ku yunivesiti kokha, pa thebulo, ndipo ankafuna phokoso lenileni loti aonetserepo anzake a kunja. Chifundo chinalipo ndithu, koma chinakwera kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi mapaipi.

Ntchito inatenga masabata awiri. Amisiri anadula mapaipi apulasitiki kutalika kwa munthu, ena onenepa ena owonda, n'kuwaimika mozungulira chigayo mwa dongosolo la zipinda za m'chisa cha njuchi, pamwamba n'kufoleraponso matabwa. Pamene mapaipi onenepa ankakumana ndi owonda ndi pamene panali njira ija. Inkayambira pa mota, n'kukhota katatu, n'kukatulukira kummwera, ku dambo kumene kulibe mudzi, kuli mabango ndi mvuu. Humphrey ankazungulira tsiku lonse ndi kamakina koyezera phokoso. Anayeza pakhomo pa chipatala, anayeza pamsika, anayeza ngakhale m'chimbudzi cha anamwino. Pa masiku onsewo sanafunse munthu ndi mmodzi yemwe kuti phokosoli amalimva ndani, ndipo akalimva amatani.

Tsiku loyesa, komiti yonse inabwera. A Fanizo analankhula mphindi makumi anayi za masomphenya awo, ngati paipi imodzi anaigwirako. Kenako a Esinala analowa n'kutsitsa switchi. Anthu oima panja anaona lamba akuzungulira, anaona fumbi la ufa likutuluka pakhomo, koma m'makutu munalibe kanthu kupatula kunjenjemera pang'ono kwa nthaka kumapazi. Mbuzi ya pamsika inalira ndipo aliyense anaimva. Anthu anaomba m'manja, ena anathamangira ku dambo kukamva mkokomo ukutulukira pa kampata kamodzi, wathunthu, ukupita kwa mvuu.

A Esinala misozi inalengeza. Mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba mwezi wonsewo.

"Takhuta, mwananga," anathokoza motero m'chinenero cha kwawo, atam'gwira dzanja Humphrey. Anam'patsa nkhuku ndi nsomba zouma, iye n'kujambula zithunzi zambirimbiri za mapaipi, chimodzi chokha cha iwo, n'kubwerera m'tauni.

Lolemba magetsi analipo tsiku lonse, koma anabwera kudzagayitsa anthu atatu okha, onse a pamsika pomwepo. Lachiwiri anabwera awiri. A Esinala anaganiza kuti mwina kumtunda kwagwa maliro. Sabata inatha, ina n'kuyamba, iwo ali chikhalire pakhomo kumangoyang'ana lamba. Kenako anayamba kuona amayi a ku midzi ya kumapiri akudutsa pamsewu madengu ali pamutu, osacheuka n'komwe, akulowera kwa a Antonio. Chigayo cha a Antonio chinali cha dizilo, kutali ndi mtunda wa ola lina, chokalamba, chotulutsa ufa wonunkha utsi, ndipo chikayamba kukhosomola ankachimva mpaka tsidya la malire.

Tsiku lina a Esinala analephera kupirira. Anaimika a Otilia, amene anagayitsa pa chigayo chawo chiyambire utsikana.

"A Otilia, ndinakulakwirani chiyani?"

"Ninji? Mwati chiyani? Ife kwathu timati chigayo chanu chinafa."

"Sichinafe. Chikugaya tsiku lililonse magetsi akakhalapo. Lowani muone."

A Otilia anasuzumira, anaona lamba akuthamanga, n'kugwedeza mutu dengu lili pomwepo. "Chili moyo ndithu. Nanga ife kumtunda tidziwa bwanji kuti magetsi alipo?"

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse, ndipo aliyense wa m'deralo ankaidziwa, kungoti palibe anaiona ngati chinthu choti n'kunena. Magetsi a kuno amabwera ndi kupita mmene afunira. Palibe mayi wanzeru amene angasenze chimanga ulendo wa maola awiri, dzuwa la ku chigwa lino lili pamutu, kuti akakhale tsiku lonse pambali pa chigayo chozima. Amayi ankapeta chimanga kapena mapira awo, n'kuika dengu pakhomo, n'kupita kumunda khutu limodzi atalisiya kwa a Esinala. Chigayo chikalira, khasu pansi, dengu pamutu. A ku Nyachikadza, tsidya la madzi, ankachimvera pamadzi n'kukankha bwato. Ena ankatha kusiyanitsa kulira kwa chigayo chodzaza ndi kwa chigayo chopanda kanthu, n'kudziwiratu ngati akapeza mzere. A Esinala nawonso zimenezi ankazidziwa. Anazidziwa kwa zaka zonsezo monga munthu amadziwira kuti ali ndi lilime m'kamwa, ndipo manyazi anawagwira kuti anaombera nawo m'manja.

"Ndizikuimbirani foni magetsi akabwera," anatero.

"Nkhabe, ayi mayi. Foniyo timatchajitsa ndi magetsi omwewo. Ndiponso mwini chigayo aliyense ukamufunsa amati magetsi alipo, ukafika n'kukuuza kuti angozima kumene. Ine ndimakhulupirira khutu langa." A Otilia anakonza nkhata pamutu. "Lero ndigayitsa pano poti ndafika. Koma mawa sindilonjeza."

A Esinala anayesa nzeru zawo. Anapachika chitenje chofiira pa nsungwi yaitali, koma mitengo ya mango inachibisa. Anamenya chitsulo cha gudumu, ndipo anthu anasonkhana kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Kenako anaimbira Humphrey n'kumufunsa ngati njira ija angaitembenuze kuti iloze ku midzi.

"Zimenezo n'zotheka, amayi, koma midziyo ili kuseri kwa chipatala. Phokoso lingadutse pakati penipeni pa nyumba ya amayi oyembekezera." Anaganiza mozama monga amaganizira anthu amene adya kale nkhomaliro. "Chimene tingachite, tikhoza kupanga pulogalamu ya pa foni yodziwitsa anthu chigayo chikayaka. Ndilemba pempho la thandizo. Chaka chamawa chapakati tingayambe."

A Esinala anadula foni osatsanzika.

Nzeru ina inawabwerera akusesa. Mpanda wa mapaipiwu sunkafunika kugwetsedwa, unkangofunika kudontha. Phokoso pang'ono lituluke, lokwanira khutu la a Otilia limene linazolowera, koma losakwanira kukwiyitsa anamwino. Anazula paipi imodzi mbali ya kumapiri, anayatsa chigayo, n'kuyenda mpaka pa mtengo wa bwemba wa panjira ya kumtunda. Anaima, anatchera khutu. Anamva njiwa, anamva wailesi ya telala, anamva chigayo cha a Antonio chikutsokomola kutali. Chawo sanachimve.

Anabwerera n'kuzula atatu. Mawa lake anazula khumi, mkucha khumi ena, mpaka pa mpandapo panatseguka bowo loti mbuzi inkalowa n'kutuluka osawerama. Anaima pa bowolo n'kumva kamphepo chabe. Atapita ku dambo anapeza mkokomo ukutuluka wathunthu monga kale. Phokoso linkafika pa bowo, n'kulizungulira bwinobwino, n'kupitirira ulendo wake, monga momwe mwana uja ananenera.

Ukali umene unawagwira tsiku limenelo anali asanaumvepo. M'moyo wawo wonse chinthu chilichonse chimene anthu ophunzira anabweretsa kuno chinkafa chikangotaya bawuti imodzi. Mjigo wa pamsika unafa. Mlatho unapita ndi madzi a chaka choyamba. Nyali za dzuwa za m'mbali mwa msewu zinayaka miyezi itatu. Chinthu chokhacho chimene iwo ankafuna kuti chiwonongeke pang'ono ndi chimene chinapangidwa bwino. Anaimbanso foni.

"Mwazula angati?" anafunsa Humphrey.

"Makumi awiri ndi anayi."

"Ndipo phokoso silikutuluka? Ngakhale pang'ono? Amayi, mukudziwa chimene mwachita? Ichi ndi chimene takhala tikunena m'mapepala zaka zonsezi, kuti njira imeneyi siona chilema. Palibe anayesapo pa makina enieni. Chonde musakhudzenso kanthu. Jambulani bowolo mbali zonse, munditumizire. Dzina lanu ndiliika m'munsi mwa pepala, pothokoza."

"Chigayo chikufa, Humphrey."

"Ndikumva, amayi, ndipo tiona chochita. Koma mpanda ukugwira ntchito."

Loweruka m'mawa a Esinala anatenga nkhwangwa ya malemu amuna awo. Ankadziwa bwino chimene chitsatire, sanali mwana. Koma anali atakhala masabata asanu akuyang'ana lamba akuzungulira chabe, ndipo anaona kuti kudikira kwina n'kungodzinamiza. Anayambira pa mota. Mapaipi apulasitiki sachedwa, ndipo pofika nthawi imene magetsi anabwera, cha m'ma teni koloko, tsogolo lonse la Humphrey linali mulu kuseri kwa chigayo, nkhuku zikupalasapo.

Anatsitsa switchi. Mkokomo unatuluka pakhomo, pa zenera, padenga, n'kudzaza msika wonse. Telala anadzidzimuka n'kudzibaya. A Esinala anaima pakhomo manja m'chiuno, maso ali ku njira ya kumapiri. Mphindi makumi awiri zinadutsa popanda munthu, mtima wawo n'kuyamba kugwa. Kenako pa bwemba paja panatulukira dengu limodzi, kumbuyo kwake ena awiri, kenako mzere wonse. Chakumasana anafika a ku madambo, miyendo ili matope, matumba a mapira ali pa njinga.

"Pyadidi, zili bwino, chadzuka," anatero a Otilia potula dengu lawo. "Ndinachimva ndili pakati pa mzere wa mbatata. Ndasiya khasu pomwepo."

A Esinala anagaya osapuma, ufa uli m'nsidze, thukuta likulemba mizere kumaso. Anali okondwa, ndipo ankachita mantha, zonse nthawi imodzi.

Dzuwa litapendeka pang'ono kunabwera a Josephine, namwino wamkulu wa pa kachipatala kaja. A Esinala anakonzekera mkangano, koma namwinoyo anangoyandikira n'kuwalankhula kukhutu.

"Mayi, tili ndi mayi wina amene matenda ayamba. Tikufuna timve mwana. Mungatizimitsireko mphindi makumi awiri?"

A Esinala anazimitsa nthawi yomweyo. Amayi a pamzere atamva chifukwa chake palibe anadandaula, ambiri a iwo anaberekera komweko. Anakhala pa madengu awo n'kumacheza za mitengo ya thonje. Patapita kanthawi a Josephine anatulukira pa khonde la chipatala n'kukweza dzanja, chigayo n'kuyambanso. Atabweranso kudzathokoza, namwinoyo anaima kaye akuyang'ana mulu wa mapaipi.

"Ife timangofuna chete kawiri kapena katatu patsiku," anatero. "Tinauza komiti kuti ikambe nanu. Sitinanene kuti mutseke."

A Esinala anabwerera ku makina awo. Mawu amene anabwera kukamwa sanali oyenera kuuza munthu wovala yunifolomu yoyera.

A Fanizo anafika cha m'ma folo koloko, loko watsopano ali m'dzanja limodzi, kalata ya chidindo ili m'dzanja linalo. A Esinala anawafotokozera zimene anagwirizana ndi namwino. A Josephine nawonso anaitanidwa, n'kuvomereza kuti kwa iwo zimenezo n'zokwanira. A Fanizo anamvetsera akugwedeza mutu ngati munthu womvetsa zinthu.

"Maganizo abwino kwambiri amenewo," anatero. "Muwalembe, tidzawaone pa msonkhano wa komiti mvula ikatha. Koma lero chigamulo chilipo kale, mayi. Mwagwetsa chitukuko ndi manja anu, anthu akuona. Ine ndikapanda kutseka, mawa aliyense azichita zake."

"Ndiye tsekani," anatero a Esinala, n'kutambasula dzanja kulunjika pa switchi.

"Dikirani kaye. Zinthu zili ndi dongosolo lake. Ndiyambe ndawerenga kalata."

A Fanizo anasunthira pamthunzi, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza kalata ya mizere isanu ndi umodzi imene palibe ankaimva chifukwa cha phokoso. Anawerenga deti. Anawerenga adiresi. Anabwereza mzere woyamba poti anati walakwitsa. A Esinala anadabwa, mpaka pamene anakweza maso n'kuona amene anali wachitatu pamzere. Anali a Linda, akazi a wapampando, ndi matini awiri a chimanga cha mphale, nkhope atalozetsa kumbali ngati amuna awowo sakuwadziwa.

Woyamba anagayitsa, wachiwiri anagayitsa. Chimanga cha a Linda chinalowa, ufa n'kutuluka woyera bwino, chifukwa a Esinala sankadziwa kugaya moipa ngakhale atafuna. A Fanizo anali pa mzere wachisanu wa kalata ija. A Linda anagwedeza thumba, analimanga ndi luzi, analisenza, n'kutuluka osayang'ana munthu. Atangofika pamsewu, amuna awo anapinda kalata n'kuvula magalasi.

"Tsopano zimitsani, mayi."

Panja panali patatsala amayi khumi ndi mmodzi, ena ochokera tsidya la madzi. A Esinala anakweza switchi, lamba anazungulira kangapo n'kuima. Chimanga cha mayi wotsatira chinali chitathiridwa kale pamwamba pa chigayo, ndipo iwo anakwera pa chitsa n'kuchitapa ndi manja kuchibwezera m'dengu la mwini wake, mpaka njere yomaliza. Kenako anatsika, anatenga chitenje chawo pa msomali, n'kutuluka kuti a Fanizo atseke.